Mapepala Onse Ndinali Nawo, Kupatula Khadi la Mwana

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse. Kalata yondiitana ili apa, ndipo ikunena kuti ndiyankhule mphindi makumi atatu. A wapampando andinong'oneza pakhomo kuti makumi awiri. Sindikangana nawo, ndangofuna mudziwe kuti pepala likunena zina.

Dzina langa ndine Bizaliele Kamwendo, wa ku Thambani, mkulu wa mpingo ndiponso mlembi wake. Chikwama mukuchionachi sindisiyana nacho. Muli kalata yanga ya ubatizo, ya ukwati, matikiti a basi, makalata amene ndinalandira ndi makope a amene ndinatumiza. Anthu amandiseka nacho. Aseke. Munthu amasintha mawu dzuwa lisanalowe, pepala silisintha.

Inu khumi ndi awiri amene mwakhala kutsogoloku mukupita kusukulu ya ubusa mwezi wamawa. Akazi anu akhala kumbuyo uko, ana ali pamiyendo. Ndaona mayi wina akunyamuka kuti atuluke chifukwa mwana wayamba kulira. Khalani pansi, mayi. Msiyeni alire, bambo ake amumve. Nkhani yanga ndi yomweyo.

Inenso ndinasankhidwa ngati inu. Zinali zaka zoyambirira za matipate, aliyense pakamwa patatseguka, mipingo yatsopano ikuyambika m'makalasi a sukulu ndi pansi pa mitengo. Mpingo wathu unafuna munthu wakewake wophunzira, ndipo chala chinaloza ine. Ndinali ndi mkazi, Esinati, amene timawatcha amake Dalitso, ndi ana atatu: Dalitso wa zaka zisanu ndi chimodzi, Chifundo wa zaka zinayi, ndi Tiyanjane, mtsikana, amene anali asanasiye bere. Pamsonkhano wa akulu anandifunsa mafunso khumi ndi limodzi. Ndili nawo, wolemba ndinali ine ndemwe. Anafunsa za chiphunzitso, za mowa, za mitala, za chakhumi. Panalibe ndi mmodzi yemwe wofunsa kuti anawo adzadya chiyani. Mpaka lero zimandipsetsa mtima. Koma ndisakankhire akulu okha, inenso sindinadzifunse.

Ndinagulitsa mtedza wonse, ndi wambewu womwe. Mbuzi zinapita. Ndinagula jekete, nsapato ndi chikwama ichi. Njinga ndinakweza pabasi kupita nayo ku Blantyre, ati yoyendera polalikira. Kuchokera kwathu kukafika kuchipatala cha Thambani ndi mtunda, kukwera ndi kutsika, ndipo amake Dalitso anatsala ndi miyendo yawo, khasu ndi ana atatu. Ndinawasiyira pemphero labwino kwambiri.

Kusukulu ndinkakhoza. Mapepala a mayeso ali umu, amene akukayika adzaone pomaliza. Aphunzitsi ankandiyamikira, anzanga ankabwereka makope anga, ndipo mutu unakula. Tchuthi chikafika sindinkakhala pakhomo. Makalata ondiitana ankandidikira: chitsitsimutso uku, msonkhano wa achinyamata uko, maliro a mkulu wina kutsidya. Ndinkafika Lachisanu, kusintha malaya, Loweruka ndapita.

Tsiku lina ndikumanga zingwe za nsapato, amake Dalitso anaima pakhomo atagwira kapepala kokulungidwa m'pulasitiki.

"Abambo ake Dalitso, taonani kaye ichi. Mwanayu sakundisangalatsa."

"Ikani uko, ndidzaona ndikabwera."

"Mukabwera liti?"

"Mayi, musakhale chopunthwitsa pa ntchito ya Mulungu."

Mawu amenewo sali pa pepala lililonse, koma ndimawakumbukira kuposa onse olembedwa.

Chaka chachiwiri, mkati mwa dzinja, Tiyanjane anatupa. Mapazi, masaya, mimba. Tsitsi linafiira n'kuyamba kuthothoka. Inu akuno mukudziwa zimene anthu amanena mwana akatupa chotero bambo ake ali kutali. Amati tsempho. Amati bamboyo wagona ndi mkazi wina, ndiye wamsempha mwana. Alamu anga a Fulaide, achimwene a amake Dalitso, anabwera kuchokera kwa Kanduku, anayang'ana mwana, anamanga katundu, n'kutenga mlongo wawo ndi ana onse. Mawu anafika kwa akulu a mpingo. Akulu analembera sukulu. Mkulu wa sukulu anandiitana n'kundipatsa kalata iyi, ya mizere isanu: ndibwerere kwathu kufikira nyumba yanga itakonzeka.

Tsono mvetserani, chifukwa apa ndi pamene Satana anandipezera. Mlandu wa chigololowo ndinalibe. Sindinakhudzepo mkazi wina, kaya ku Blantyre kaya kwina kulikonse. Ndipo palibe munthu woopsa ngati wolakwa amene amunamizira mlandu wina. Bodza lawolo ndinaligwira ndi manja awiri, chifukwa linandipatsa chokwiyira.

Kwa Kanduku sindinapite. Ndinati sindingakapepese chimene sindinachite. Ndinapeza kachipinda kuno ku Boma n'kuyamba kulemba makalata. Kwa akulu a mpingo, kusukulu, kwa ankhoswe, kwa abusa a dera. Makope ali umu, makumi anayi ndi limodzi. M'makalata onsewo dzina la Tiyanjane mulibe. Ndinawerenga mobwereza, ndinafufuza mzere ndi mzere. Muli mawu akuti "mwanayo", kawiri.

Masana ndinkalembera anthu mafomu kuboda, makamaka madalaivala a mathiraki opita ku Tete. Iwowo ndi amene anati, "Abusa, imodzi yokha, mtima ukhale pansi." Mtima sunakhale pansi. Kuchoka pa botolo la ku Mozambiki ndinatsikira ku kachasu wa kuseri kwa msika. Ndinkalalikira zidakwa zinzanga za chilungamo, ndikuyala mapepala pa benchi, izo n'kumati, "Akulakwirani, abusa, itanitsani ina." Jekete inapita. Nsapato zinapita. Njinga inapita. Chinatsala ndi chikwama.

Tsiku lina dzuwa litakwera kale ndinadzidzimuka ndili m'ngalande, m'mbali mwa msewu waukulu, chikwama nditatsamira, buluku litanyowa ndi mkodzo wanga. Ndanena, mkodzo. Musayang'ane pansi. Amayi a mumpingo mwathu ankadutsa atavala yunifolomu, akupita kumaliro. Anandizindikira. Ena anayang'ana kumbali. Mmodzi, amene ine ndinalemba dzina lake m'buku la odulidwa zaka za m'mbuyomo chifukwa chofulula mowa, anamasula chitenje chapamwamba n'kundifunditsa m'chiuno. Anati, "A mlembi, mwana wanu wamng'ono ali m'chipatala momwe muno, lero yakwana sabata. Simunamve?"

Ndinali ndisanamve. Ndinkagona pamtunda woti munthu atafuula kuchipatalako ndikanamumva.

Mukuganiza kuti ndinathamanga kukaona mwana. Ayi. Ndinakasamba, ndinabwereka buluku, ndinakhala pansi n'kusanja mapepala. Mumtima ndinkati mwayi wapezeka. Achipatala sakhulupirira za tsempho. Ndikapemphe kalata yodinda yonena kuti matendawa si tsempho, ndikaiponye pamaso pa a Fulaide ndi akulu onse, ndibwerere kusukulu. Ndinapita kuchipatala kukatenga pepala.

Mu wodi ya ana ndinapeza nesi wachikulire, wamfupi, magalasi ali pamphuno, akulemba. Ndinadzitchula bwinobwino n'kufotokoza chimene ndadzera. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Ndinu bambo a Tiyanjane?"

"Ndine."

"Mwachedwatu, abusa. Ife timayesa ndi wamasiye."

"Mayi, ine ndadzera kalata."

"Kalata ndilemba, si nkhani. Pitani kaye mukaime pa bedi la mwana wanu, ndikupezani pomwepo. Mayi ake apita kukachapa matewera."

Mabedi anali mbali ziwiri, ena ana awiriawiri. Munali zii. Ana a m'chipinda chimenecho salira, alibe mphamvu zolirira. N'chifukwa chake ndanena kuti uyo msiyeni alire. Ndinayenda mpaka kumapeto. Ndinabwerera. Onse otupa, onse tsitsi lofiira, onse maso ngati a nkhalamba. Amayi odikirira ana awo anasiya kuyankhula n'kumanditsata ndi maso. Ndinayendanso, kupita ndi kubwera. Kenaka ndinaona bedi lina pamene mwana anagona yekha. Ndinaima pamenepo n'kuika dzanja pa chitsulo, monga bambo.

Mayi wina anadzuka pansi pamene ankapumula. "Bambo, ameneyo ndi wanga. Ndiponso ndi mnyamata."

Palibe anaseka. Bola akanaseka.

Nesi anabwera, anandigwira pachigongono n'kunditembenuza. Tiyanjane anali pa bedi lachiwiri kuchokera pakhomo. Ndinali nditamudutsa kanayi. Anandiyang'ana monga mwana amayang'anira mlendo wongopita. Sanandidziwe, ine sindinamudziwe, tinafanana. Ndipo pakhomopo panali pataima amake Dalitso, beseni lili m'manja. Anaona zonse.

Nesi anakoka kathebulo. "Tsono tiyeni ku mapepala, poti ndi amene mwadzera. Mwabwera ndi chiyani?"

Ndinatsegula chikwama. Ndinayala umboni wanga: makalata ondiitana kukalalikira, matikiti a basi, kalata ya mkulu aliyense amene ndinagona kunyumba kwake, zosonyeza kumene ndinali sabata iliyonse ya tchuthi. Ndinazisonkhanitsa kuti aliyense aone kuti sindinapatukirepo kwa mkazi. Nesi uja anazisanja potsata miyezi, mosamala, ngati mlembi mnzanga. Kenaka anati, "Mayi, tabweretsani khadi la kusikelo."

Amake Dalitso anatulutsa kapepala kaja ka m'pulasitiki, komwe kaja ndinati ikani uko. Linali khadi lopindika, lakuda ndi utsi ndi thukuta. Ine, munthu wosunga ngakhale tikiti ya basi, khadi limenelo ndinali ndisanaligwirepo. Ndinkati ndi za azimayi. Kwa inu amene simunalitsegulepo, ndipo ndikudziwa kuti kutsogoloku mulipo: mwezi uliwonse mwana amamukweza pa sikelo, n'kuika kadontho pa khadi. Timadontho tikamakwera, mwana akukula. Tikagona kapena kutsika, pali vuto.

Nesi anaika chala pa kadontho. "Apa akukwera bwino. Munali kuti?"

"Kunyumba. Ndinali ndisanapite kusukulu."

"Apa waima. Munali kuti?" Sanadikire yankho, anatola pepala langa. "Chitsitsimutso. Apa watsika. Msonkhano wa achinyamata. Apa watsikanso. Maliro a kutsidya, masiku asanu ndi limodzi, koma ndiye munalira. Apa palibe kadontho, miyezi itatu. Mayi, chinachitika n'chiyani?"

"Njinga inali ku Blantyre," anayankha amake Dalitso. "Mitsinje itadzaza, ana atatu, sindikanatha."

"Bere anasiya liti?"

"Linauma lokha. Ndinkaswera kumunda."

"Ankadya chiyani?"

"Phala la ufa woyera."

"Nsinjiro?"

"Mtedza unapita kusukulu ya ubusa."

Sananene mokwiya. Anangoyankha funso.

Abale, mapepala amene ndinasonkhanitsa kuti andiyeretse ndi omwewo amene ananditsutsa. Lililonse linkanena zoona, kuti sindinali kwa mkazi wina. Ndipo lililonse linkanenanso kuti sindinali kwathu. Sabata ndi sabata, ndi siginecha, ndi chidindo. Palibe mdani wanga akanatha kusonkhanitsa umboni wokwanira chotero.

Ndinayesabe, pakuti mtima wa munthu ndi wouma. Ndinati, "Amake Dalitso, mwamva nokha kuti si tsempho. Munandinamizira."

Anaika beseni pansi. "Ine za tsemphozo sindinazikhulupirire ndi tsiku limodzi lomwe. Inu ndimakudziwani, mkazi wina wokupirirani angapezeke kuti? Amene ananena ndi achimwene, ine ndinangokhala chete kuti ana akadye. Komatu bola akanakhala mkazi, abambo ake Dalitso. Mwamuna akatengedwa ndi mkazi, umapita kwa ankhoswe. Nanga akamati watengedwa ndi Mulungu, ukamusumira kwa yani?"

Ndinakhala pasimenti, mapepala anga ali pamwamba, ine ndili pansi pawo. Nesi analemba kalata ija, anadinda, n'kundipatsa. Nayi. Ndikuwerengerani yonse: "Mwana uyu alibe tsempho. Ali ndi njala." Kalata imene ndinailirira miyezi yonse ija ndinaipeza.

Kenaka anandipatsa kapu ya mkaka umene amamwetsa ana otere, ndi supuni. "Pang'onopang'ono, abusa. Uwu si ulaliki, osathamanga." Tiyanjane anatembenuza nkhope. Anakana tsiku limenelo, anakana lotsatira. Ankalandira kwa mayi ake, kwa nesi, ngakhale kwa mayi wa bedi loyandikana, koma kwa ine ayi. Nesi anatiuza poyera kuti sangalonjeze kanthu. Tsiku lachitatu mwana analandira masupuni awiri kuchokera m'dzanja langa, ndipo ndinapemphera pemphero loyamba loona m'zaka ziwiri, lalifupi, lopanda mawu akusukulu. Ndinati, Ambuye, ndinabisala kuseri kwa dzina lanu, ndatulukamo, mwanayu msiyeni akhale.

Tsopano za kubwerera. Musaganize kuti kunali kuimba nyimbo.

Mowa sunandisiye tsiku limodzi. Ndinagwanso kawiri, ndipo masiku ake ndinalemba. Chimene chinathandiza n'kuchoka kuno ku Boma, kumene aliyense wogulitsa ankandidziwa dzina. Ndinapemphanso mkulu wina kuti azindinunkhiza pakamwa Lamulungu lililonse pakhomo la tchalitchi. Ankachitadi, ndipo ankasangalala nayo ntchitoyo kuposa muyeso.

Mwana atatuluka m'chipatala ndinapita kwa Kanduku ndi ankhoswe. Kalata ya nesi ndinaiwerenga ndekha pamaso pawo, mizere yonse iwiri, osati woyamba wokha. A Fulaide anakanda chibwano.

"Ndiye kuti, alamu, chigololo mulibe. Ndinu wakupha chabe."

"Inde, alamu."

"Tabwerezani, ankhoswe sanamve."

Ndinabwereza. Anati mlongo wawo sabwerera ku Thambani iwo asanaone nkhokwe. Ndinakhala pachikamwini zaka ziwiri, ndikulima mtedza ndi chimanga pamunda umene anandilozera, wamiyala, pamtsetse. Ndikukhulupirira kuti anausankha dala. Za tsemphozo sanapepese mpaka anamwalira, ndipo ndisaname, zimandiwawabe. Koma ana anga anawadyetsa ndi iwo pamene ine ndinkalemba makalata, tsono pamaliro awo ndinakumba nawo manda.

Mumpingo ndinakhala benchi la kumbuyo, m'kalasi la obwerera, pamodzi ndi anthu amene kale ndinkawalemba m'buku. Mayi wa chitenje uja ankandisungira malo.

Ndipo mwezi uliwonse ndinkabereka Tiyanjane kupita naye kusikelo, mwamuna ndekha pamzere wa azimayi. Ankati, "Taonani abusa a matewera." Wina anati, "Bambo, nanga bere mwabweretsa?" Ine maso anali pa dzanja la mlangizi wa zaumoyo pamene akuika kadontho. Mwezi woyamba kanagona. Wachiwiri kanagona. Wachitatu kanakwera pang'ono chabe, ngati nyerere yakwera pakamwala. Ndinabwerera kunyumba ndikuyankhula ndekha njira yonse.

Kusukulu sindinabwerere. Patapita zaka anandilembera kuti malo alipo, kalatayo ili umu. Tinakhala pansi ndi amake Dalitso, tinayang'ana ana, tinayankha kuti ayi. Sindine mbusa. Sindikuti inu musapite. Pitani, mpingo ukufuna anthu ophunzira. Koma atandibwezera ulembi, pa mafunso khumi ndi limodzi aja ndinawonjezerapo langa. Munthu wa mumpingo mwathu akafuna kalata yopita nayo kusukulu, chidindo changa sichitsika ndisanaone nkhokwe ndi maso anga, ndisanamve kuti njinga itsala ndi yani, ndiponso ndisanagwire khadi la kusikelo la mwana wamng'ono. Alibweretse bamboyo, andifotokozere yekha kadontho kalikonse. Mkazi timamufunsa payekha, ine ndi amake Dalitso, mwamuna ali panja. Ena anakandinenera kwa abusa kuti ndikutsekereza maitanidwe a anthu. Makalata awo odandaula ndikusunga, alipo asanu ndi awiri. Abwere ena.

Nanunso akulu a mipingo amene mwakhala mbali iyi, musagwedeze mitu ngati nkhaniyi ndi ya anyamatawa okha. Mumatuma munthu zaka zitatu ndi nyimbo ndi nthungululu, kenaka mumaiwala kuti wasiya khomo. Ndani mwa inu adzapite kukapalira munda wa mkazi wake mu Januwale? Ndani adzabwereketse njinga tsiku la sikelo? Lembani maina lero, m'buku, osati zakuti tidzaona.

Tiyanjane ali moyo. Ndi wamfupi kuposa abale ake onse, ndipo achipatala anatiuza kuti msinkhu umene unatayika nthawi ija subwerera. Ndikaima naye pafupi, mutu wake umandifika apa, pachifuwa. Iye amaseka, amati anatengera azakhali ake. Ine ndimadziwa kumene msinkhuwo unapita. Ali ndi mwana wake tsopano, ndipo mkamwini wanga akabwera ndimamufunsa za khadi asanamalize kupereka moni.

A wapampando akuyang'ana wotchi. Ndikumaliza. Inu khumi ndi awiri, musatembenuke, musafunse kumbuyo: mwana wanu wamng'ono mwezi watha analemera bwanji? Musayankhe mokweza. Nkhope ndaziona.

Khadi lija ndi ili. Lokhali si la m'chikwama changa. Ndinapempha kangapo kuti ndilisunge pamodzi ndi enawa, mu fayilo yabwino, lisamapindike. Amake Dalitso anakana. Anati, "Amene analinyamula pokwera mapiri ndi amene alisunge. Inu muzibwereka." Ndiye ndimabwereka, ndipo amandiuza nthawi yobweza. Ali apo, mzere wachitatu kuchokera kumbuyo, atambasula kale dzanja.

Amake Dalitso, nali khadi lanu. Ndabweza anthu akuona.